Kuphunzitsa Kagalu Pakhomo

Mwa ziweto zonse za pamudzi, galu ndiye akhala pafupi ndi munthu koposa. Ng'ombe ndi mbuzi zigona m'khola, nkhuku zikwera m'chitele. Koma galu agona pakhonde, pakhomo penipeni pa mbuye wake. Usiku ndiye mlonda, auwa akamva fisi kapena mbala. Usana aperekeza anyamata kubusa, napirikitsa anyani m'munda wa chimanga. Koma galu sabadwa nawo makhalidwe amenewa. Pamudzi umodzi womwewo papezeka galu womvera, papezekanso galu wakuba mazira ndi woluma ana. Ndipo kawirikawiri awiriwo anayamwa bere limodzi. Chowasiyanitsa ndicho kaleredwe ka miyezi yawo yoyamba.

1. Kudikira masabata 8

Pamudzi wina panali mnyamata wa zaka 11 amene anakhumba galu masiku ambiri. Agogo ake aamuna, amene anali mlenje pa unyamata wawo, anali ndi galu wamkazi. Ndipo galuyo anaswa tiana 5 pansi pa nkhokwe. Mnyamatayo atamva, anathamangira komweko, nafuna kunyamula kamodzi tsiku lomwelo. Koma agogo anamletsa, nati, "Dekha, mdzukulu wanga. Kodi suona kuti sikanapenye n'komwe?"

Agogowo ananena zoona. Galu akhala ndi bere masiku ngati 63, ndipo tiana take tibadwa tosapenya ndi tosamva. Maso atseguka patapita masiku 10 kufikira 14. Pa sabata lachitatu timano tiyamba kumera, ndipo tianato tiyamba kudzandira ndi kusewera. Masewerawo ndiwo sukulu yoyamba. Kena kakaluma kanzake molimba, kolumidwako kalira nikachoka, ndipo kolumako kaphunzira kuti kuluma kuthetsa masewera. Kagalu kochotsedwa kwa make msanga kaphonya phunziro limeneli, nikakula kosadziwa mphamvu ya mano ake. Chifukwa chake nkwabwino kuti kakhale ndi make ndi abale ake kufikira masabata 8.

Atakwana masabatawo, mnyamatayo anasankha kamphongo koyera ka mawanga akuda, nakatcha Mawanga. Pofika nako kwawo, atate wake anakayang'ana kanthawi, nati, "Kagalu aka nkako. Kakalakwa, mlandu ngwako." Iye anayankha mokondwa, "Ndamva, atate," koma kulemera kwa mawuwo sanakuzindikire tsiku lija.

2. Pogona ndi podyera

Dzuwa litalowa, Mawanga anayamba kulira. Kagalu kotere sikalira chifukwa cha mwano iyayi. Kalira pofuna make ndi kufunda kwa abale ake. Agogo anadziwiratu zimenezi, ndipo anali atampatsa mnyamatayo kansanza kamene tiana tija tinkagonapo. Iye anayala chiguduli m'dengu lakale, naikamo kansanzako, nakhazika dengulo pafupi ndi mphasa yake m'gowelo. Mawanga pomva fungo la make anatonthola pang'onopang'ono. Ndipo pofika usiku wachitatu sanalirenso.

Mimba ya kagalu njaing'ono, chotero kayenera kudya kanayi pa tsiku, pang'onopang'ono. Kakafika miyezi 3 kadya katatu, ndipo kuyambira miyezi 6 kadya kawiri. Mnyamatayo anapatsa Mawanga phala lofunda losakaniza ndi usipa wosinja, pakuti nsima yokha sikwana kumanga thupi la galu; ndipo galu wanjala ndiye asanduka mbala. Mafupa ophika a nkhuku sanampatse, chifukwa aphwanyika mosongoka nalasa kukhosi ndi m'matumbo. Anamuikira phale lakelake kuseri kwa nyumba, ndi lina la madzi pambali pake. Mlongo wake wamng'ono anakonda kumponyera Mawanga nsima banja lilikudya. Koma iye anamletsa, popeza galu wozolowera kulandira pamphasa ya anthu, mawa alowetsa mutu m'mbale ya mlendo.

Chinanso chimene kagalu kayenera kuphunzira msanga ndicho malo odzithandizira. Nthawi zake zidziwika: kakangodzuka, kakangodya, ndiponso kakatha kusewera. Pa nthawi zimenezi mnyamatayo ankamnyamula Mawanga kunka naye pa malo amodzi omwewo kutchire la kuseri, nadikira. Akatha, anamsisita namyamikira. Pamene Mawanga anaipitsa m'gowelo, mnyamatayo anangokolopa, pozindikira kuti wachedwa kumtulutsa ndiye mwini. Zonyansazo anazikwirira, nasamba m'manja ndi sopo, pakuti mu ndowe za agalu mukhala mazira a njoka za m'mimba zimene zidwalitsa ana.

3. Kuona dziko

Kuyambira masabata 3 kufikira ngati masabata 12, kagalu kalandira chilichonse chachilendo mopanda mantha ambiri. Ndipo chimene kazolowera pa nthawi imeneyi kachiyesa chapakhomo moyo wake wonse. Itapita nthawiyo, mtima wake uyamba kukayika. Potero mnyamatayo anaonetsa Mawanga ana aang'ono, nkhalamba zoyenda ndi ndodo, mbuzi, njinga ndi ngolo ya ng'ombe. Tsiku ndi tsiku anamgwira makutu, mapazi ndi kukamwa mofatsa, namchotsa nkhupakupa, kuti azolowere dzanja la munthu. Anammanganso kachingwe m'khosi, nayenda naye pabwalo.

Koma chinthu chimodzi chinatsala. Chaka chimenecho chitopa chinali chitatha nkhuku zonse za pakhomo pawo, ndipo Mawanga anakula wosaona mwanapiye pafupi. Mnyamatayo sanaganizepo kanthu.

4. Mawu amene galu amva

Galu samva Chichewa, kapena Chingerezi, kapena chinenero china chilichonse. Chimene achita ndicho kulumikiza liwu ndi chinthu chimene chitsata liwulo. Munthu wina wophunzira wa ku Russia, dzina lake Ivan Pavlov, anaonetsa ichi poyera kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Iye ankamveketsa kaphokoso nthawi zonse asanapatse agalu ake chakudya. Ndipo patapita masiku, agaluwo pongomva kaphokosoko anayamba kuchucha malovu, chakudya chisanaoneke.

Pa ichi patuluka malamulo atatu a wophunzitsa galu. Loyamba: chinthu chimodzi chikhale ndi liwu limodzi, ndipo onse a pakhomo anene lomwelo. Wina akati "Bwera," wina "Tiye kuno," wina "Fulumira," kagalu kasokonezeka. Lachiwiri: mphotho ifike pomwepo, kagalu kakali pa chimene kachita bwino, osati patapita nthawi. Lachitatu: phunziro likhale lalifupi, mphindi 5 zokha, mmawa ndi madzulo, pakuti kagalu katopa msanga monga mwana wa m'kalasi loyamba.

Umu ndimo Mawanga anaphunzira kukhala pansi. Mnyamatayo anagwira kausipa pamwamba pa mphuno yake, nakayendetsa pang'onopang'ono chakumbuyo kwa mutu. Mawanga pokweza mutu kutsata kausipako, matako ake anatsika okha. Ndipo pomwepo mnyamatayo anati, "Khala," nampatsa kausipako. Pakutha pa sabata, liwu lokha linakwana. Chomwechonso anaphunzira dzina lake ndi liwu lakuti "Bwera". Ndipo mnyamatayo anayamba kudzitama kwa anzake kusukulu kuti galu wake watha maphunziro.

5. Mlandu wa anapiye

Mawanga ali ndi miyezi 4, mano ake anayamba kuguluka. Kagalu kakhala ndi mano 28 oyamba, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 amera ena 42 okhalitsa. Pa nthawi imeneyi nkhama zinyerenyetsa, ndipo kagalu kafuna kutafuna chilichonse. Miyendo nayo yakula, kotero kuti kayamba kuyenda kutali ndi khomo.

Tsiku lina mnyamatayo pochokera kusukulu anapeza mayi wa pa nyumba yoyandikana nawo ali chilili pabwalo, anapiye awiri akufa ali m'manja. Mayiyo anali wamasiye, ndipo thadzi limodzi lokhalo ndilo linali chuma chake. Atate a mnyamatayo anapepesa, nalipira dengu la chimanga. Atachoka mayiyo, anatembenukira kwa mwana wawo, nati, "Ndikupatsa mwezi umodzi. Galuyu akagwiranso nkhuku ya munthu, pano sakhalapo." Mnyamatayo anadziwa bwino chimene chichitikira galu wogwira nkhuku pamudzi: palibe amlandira, ndipo masiku ake achepa.

Atagwidwa ndi manyazi ndi mkwiyo, anathyola ndodo naibisa kumbuyo, naitana, "Mawanga, bwera!" Mawanga anatuluka pansi pa nkhokwe, nathamangira kwa iye akugwedeza mchira, ndipo mnyamatayo anamgwira pakhosi nammenya kolimba.

Mmawa mwake anamuitananso, koma Mawanga anaima patali, mchira uli pakati pa miyendo. Anamuitana kachiwiri, ndipo galuyo anathawira kuseri kwa khola. Masiku atatu anapita chomwecho. Tsono mnyamatayo anali ndi galu wogwira anapiye, amenenso sabwera poitanidwa. Ndipo mwezi unali kutha.

Pamenepo ananka kwa agogo ake, nakhala pansi, nawafotokozera zonse. Agogo anamfunsa, "Unamuitana?"

"Inde, agogo."

"Iye anabwera?"

"Anabwera."

"Nanga atabwera unamchitanji?"

Mnyamatayo anaweramitsa mutu osayankha. Ndipo agogo anati, "Iwe unammenyera anapiye, koma iye adziwa kuti anamenyedwera kubwera. Za anapiye anali ataiwala kale. Wamphunzitsa ndithu, mdzukulu wanga, koma wamphunzitsa kukuthawa."

Lamulo lija la mphotho ligwiranso pa chilango: galu alumikiza chowawa ndi chimene wachita potsiriza penipeni. Ndiponso Mawanga sanagwire anapiye chifukwa cha kuipa mtima. Galu ali pachibale ndi mmbulu, ndipo kuthamangitsa kanthu kothawa nchibadwa chake. Chibadwa sichichotsedwa ndi ndodo; chofunika nkumphunzitsa galuyo chinthu china chakuti achite akaona nkhuku.

6. Kuyambanso

Mnyamatayo anayamba ndi kubweza chikhulupiriro chimene anachitaya. Anakhala pansi pabwalo, usipa uli m'dzanja, osaitana, osayang'anitsa. Tsiku loyamba Mawanga anatola usipa woponyedwa patali; tsiku lachitatu anadya m'dzanja. Kuyambira pamenepo mnyamatayo anadziikira lamulo lakuti galu wobwera poitanidwa salangidwa, ngakhale atalakwa chotani.

Atatero anamphunzitsa liwu latsopano, ndilo "Leka." Anafumbata usipa m'dzanja lamanzere, ndipo Mawanga ananunkhiza, nanyambita, nakanda. Pamene anatopa nabweza mutu, mnyamatayo anati, "Leka," nampatsa usipa wina wa m'dzanja lamanja. Posachedwa Mawanga anazindikira kuti kusiya chinthu ndiko kubweretsa mphotho.

Pambuyo pake mnyamatayo ananka kwa mayi wamasiye uja, nagwada, nati, "Mayi, ndipempha mundilole ndiziima ndi galu wanga kumapeto kwa bwalo lanu, ali pa chingwe." Mayiyo anavomera monyinyirika. Tsiku loyamba anaima kutali, pamene Mawanga anatha kuona nkhuku koma osatekeseka. Galuyo akangoyang'ana thadzi, mnyamatayo anati, "Leka". Akatembenuza mutu, analandira usipa. Tsiku lililonse anasendera mapazi awiri kapena atatu. Tsiku lina anafulumira nasendera kwambiri, ndipo Mawanga analumpha nakoka chingwe. Mnyamatayo sanakalipe, koma anabwerera pamene anaima dzulo lake, nayambiranso pomwepo.

Pokhala iye kusukulu, Mawanga anakhala pa chingwe pamthunzi, madzi ali pambali, ndi chingwe china chakale chomanga mfundo chakuti azitafuna. Pakuti galu akagwira nkhuku kachiwiri ndi kachitatu, chizolowezicho chilimba. Koma mnyamatayo akangofika anammasula, nathamanga naye kudambo kufikira atatopa. Galu womangidwa usana ndi usiku asanduka wolusa, ndipo galu wosatopa afuna yekha chochita.

7. Tsiku la katemera

Mwezi womwewo alangizi a ziweto anafika pa bwalo la sukulu kudzabaya agalu katemera wa chiwewe. Chiwewe ndiyo nthenda yoopsa koposa imene galu akhoza kupatsira munthu. Kachilombo kake kakhala m'malovu, nikalowa m'thupi pa bala la kulumidwa. Ndipo zizindikiro zikaonekera, munthuyo sachira. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, lotchedwa WHO, liwerengera kuti nthendayi ipha anthu ngati 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi mu Asia.

Woyamba kupeza katemera wake anali Louis Pasteur wa ku France. Mu 1885 anabwera naye kwa iye ku Paris mnyamata wa zaka 9, dzina lake Joseph Meister, wolumidwa ndi galu wachiwewe. Mnyamatayo anabayidwa katemerayo, nakhala ndi moyo. Pasteur anamwalira pa 28 September 1895, ndipo tsiku la 28 September ndilo lasankhidwa kukumbutsa anthu za chiwewe chaka ndi chaka. Odziwa za nthendayi apeza kuti pakabayidwa agalu 7 mwa agalu 10 alionse, chiwewe chileka kufala. Mu 2015, mu mzinda wa Blantyre, agalu oposa 35,000 anabayidwa m'masiku 20.

Chotero kagalu kakakwanitsa miyezi 3 kayenera kubayidwa, ndi kubwerezanso chaka chilichonse. Ndipo mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, ngakhale pang'ono, asabise. Atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15, auze akulu, nanke kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa bwalo la sukulu paja panaoneka phindu lina la maphunziro. Agalu ena anakana chingwe nagwa chagada. Ena anadula luzi nathawira kuthengo osabayidwa, chifukwa sanagwidwepo ndi dzanja la munthu chibadwire. Koma Mawanga anayenda pambali pa mbuye wake. Atauzidwa, "Khala," anakhala. Ndipo jekeseni inalowa iye alikunyambita usipa m'dzanja la mnyamatayo.

8. Thadzi pabwalo

Atatsala masiku awiri kuti mwezi ukwane, mnyamatayo anali kusenda luzi pakhonde madzulo, Mawanga ali gone pabwalo wopanda chingwe. Mwadzidzidzi thadzi la mayi wamasiye linatulukira kuseri kwa nkhokwe ndi anapiye ake otsala, ndipo kamodzi kanatsalira m'mbuyo, nikathamanga kalikulira, nikadutsa pafupi ndi mphuno ya galuyo. Mawanga anadzuka, makutu ali njo, thupi lonse litauma. Atate anali pampando wawo chapafupi, ndipo mayi uja anali kudza m'njira, mtsuko uli pamutu.

Mtima wa mnyamatayo unagunda kolimba. Anafuna kufuula ndi kuthamanga. Koma anakumbukira kuti kuthamanga kwake kukadangoutsa galuyo. Tsono anakhala pomwepo, nanena kamodzi kokha ndi mawu a masiku onse, "Mawanga, leka."

Mawanga anayang'ana kamwanapiye, nayang'ananso mbuye wake. Ndipo anatembenuka, nadza pakhonde, nakhala pansi. Mnyamatayo analibe usipa m'thumba. Anangomkumbatira m'khosi namsisita. Mayi uja anaima kanthawi, napitirira ulendo wake osanena kanthu. Atate nawonso sananene kanthu. Koma usiku womwewo, atatha kudya, anatenga mkute ndi mitu ya usipa, nakaika okha m'phale la galu.

Maphunziro sanathere pomwepo. Miyezi ina yambiri mnyamatayo sanamsiye Mawanga yekha pamodzi ndi anapiye, ndipo anabwereza mawu aja tsiku ndi tsiku, kufikira galuyo anakula nakhazikika mtima. Pomwe pakhomo pawo anagulanso nkhuku, zinkatola madeya pafupi ndi mapazi ake iye ali gone.

Akuluakulu amati, kuwongola mtengo mpoyamba. Wowongola kamtengo sakamenya. Akazikira mtengo wina pambali, nakamanga ndi luzi mofatsa, nabwerako kawirikawiri kudzaona ngati kaima bwino. Chomwecho ndi kagalu. Kafuna chakudya pa nthawi yake, liwu losasinthasintha, mphotho yofika msanga, ndi mbuye wodekha amene kakhoza kumthamangira mopanda mantha.

Mafunso

1. Chifukwa ninji kagalu kayenera kukhala ndi make kufikira masabata 8?
2. Tchulani nthawi zitatu zimene kagalu kayenera kutulutsidwa kunja.
3. Kodi malamulo atatu a wophunzitsa galu ndi ati?
4. Mawanga anaphunziranji pa tsiku limene anamenyedwa?
5. Fotokozani umo mnyamatayo anaphunzitsira galu wake liwu lakuti "Leka."
6. Mwana wolumidwa ndi galu achitenji, ndipo atsuke bala mphindi zingati?